Kodi makina angaone mudzi wamakedzana umene uli pansi pa munda wanga?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale m'boma la Dedza. Alemba motere: "Mvula ya chaka chino yakumba chigwembe kumunsi kwa munda wanga. M'khoma la chigwembecho mukuoneka mapale okhala ndi zokongoletsa zimene ngakhale agogo anga sakuzidziwa, zibuma za dothi lopsa zokhala ndi mikwingwirima ngati ya mitengo, ndi timiyala takuda tolemera tooneka ngati tinasungunuka. Anthu amene anakumba mjigo pasukulu pathu anayamba akhoma zitsulo pansi n'kulumikiza mawaya, ati akufufuza madzi. Kodi makina ngati amenewo angandiuze ngati pansi pa mundawu pali bwinja, ndi kukula kwake, popanda kukumba? Nanga ndege ya Kauniuni ija sinaone kale zimenezi?"

Aphunzitsi, mapale, dothi lopsa ndi timiyala tosungunuka zikapezeka pamalo amodzi, ife ofukula zakale timatula chikwama n'kukhala pansi. Zibuma za mikwingwirimazo kawirikawiri zimakhala chipupa cha nyumba yophoma, kapena nkhokwe yomata, imene inapsa: mitengo inanyeka, dothi linapsa ngati njerwa n'kusunga chidindo cha mtengo uliwonse. Timiyala tolemerato ndi zotsala za m'ng'anjo yosungunulira chitsulo. Ngati zili mmene mwafotokozeramu, munda wanu ndi wa mtundu umene makina amaumva bwino, ndipo chifukwa chake ndi moto. Koma ndikuchenjezeni tisanapite patali. Makina amenewa saona mphika, saona fupa, saona mkanda. Amangoyeza kusiyana kwa dothi la apa ndi la apo. Pamene munthu wakale anasonkha moto waukulu, anakumba dzenje kapena anaunjika miyala, dothi linasintha khalidwe, ndipo kusinthako ndi kumene timasaka. Pamene anangokhala pansi, kudya n'kumapita, makina amadutsapo osamva kanthu.

Za ndege ija tithane nazo msanga. Kauniuni, imene inayamba kuuluka mu 2013 ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015, inanyamuladi chida cha mtundu umene ifenso timagwiritsa ntchito, choyeza mphamvu ya maginito, chotchedwa magnetometer. Koma inkasaka miyala ikuluikulu ya migodi, yotambalala makilomita, ndipo inkauluka m'mizere yotalikirana mamita oposa 200. Ng'anjo ya makolo ndi kanthu ka mita imodzi kapena mamita awiri. Mphamvu ya maginito ya kanthu kotero imazilala mofulumira kwambiri: mukatalikira kawiri, imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Pofika pamene pakuuluka ndege, palibe chotsala. N'chifukwa chake ntchito yathu ndi yoyenda pansi, chida chili m'manja, munthu akuponda munda wonse mzere ndi mzere.

Dziko lapansi palokha ndi maginito. Ana anu m'kalasi amaziona zimenezi singano ya kampasi ikamaloza kumpoto. Mphamvu yake timaiyeza m'muyeso wotchedwa nanotesla: ku Britain ili pafupifupi 49,000, kuno kwathu ndi yocheperapo, cha m'ma 30,000. Tsono dzenje lakale lokwiririka limawonjezerapo mwina 2 kapena 5 basi. Kuli ngati kusenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 n'kuzindikira kuti wina waponyamo njere khumi. Ng'anjo ndiye sinong'ona, imachita kukuwa, imafika mazana. Chovuta n'chakuti mphamvu ya dziko nayo imakwera ndi kutsika pa tsiku chifukwa cha dzuwa, ndipo kukwera ndi kutsikako n'kwakukulu kuposa dzenje limene tikufunalo. Opanga zidazi anathana nazo mwanzeru: pandodo imodzi amaikapo timakutu tiwiri, kena m'munsi, kena pamwamba, totalikirana theka la mita kapena mita imodzi. Kapamwamba kamamva dziko, kam'munsi kamamva dziko ndi dothi. Mukachotsera, chotsala ndi dothi lokha, mpaka kuya kwa mita imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Nanga maginito amalowa bwanji m'dothi? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya moto waukulu. Dothi lililonse lili ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo kufiira kwa katondo n'komweko. Dothi likakhala chikhalire, tizidutswato timaloza uku ndi uku, mphamvu zake n'kumafafanizana. Likatenthedwa kufika madigiri 600 kapena 700, timamasuka, ndipo pozizira tonse timafola kuloza kumene maginito a dziko akuloza tsiku limenelo, n'kuuma momwemo. Chipupa chopsa, pansi pa ng'anjo, pamene ankawotchera mbiya, zonsezi zimasanduka maginito ofooka koma osatha, ngakhale papite zaka 6,000.

Njira yachiwiri ndi yachete, koma ndi imene imatipatsa mapu a mudzi wonse. Katswiri wina wa ku France, Le Borgne, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti dothi lapamwamba limakoka maginito kuposa lapansi pake, makamaka kumene kunkayaka moto kawirikawiri. Pamudzi ndiye zimachita kunyanya: phulusa la tsiku ndi tsiku, zinyalala za kudzala, ndowe za m'khola. Munthu akakumba nkhuti, ngalande kapena dzenje la mzati, amaboola dothi lapansi losakoka kwenikweni, ndipo m'kupita kwa zaka dzenjelo limadzaza ndi dothi lapamwamba lija. Pamwamba pamasalala, khasu n'kumadutsapo mibadwomibadwo, koma pansi pali chigamba cha dothi lachilendo. Martin Aitken wa ku Oxford atayesa magnetometer koyamba pa ntchito yotere mu 1958, ku Water Newton ku England, ankafuna mauvuni a mbiya a nthawi ya Aroma msewu usanadutsepo. Uvuni anaupeza, koma chimene chinasintha ntchito yathu n'chakuti chidacho chinkamvanso maenje wamba otayamo zinyalala.

Kuti muone kumene njira imeneyi ingafike, tipite ku Ukraine. Pakati pa dzikolo, m'minda yosalala ya dothi lakuda, pansi pake pali midzi ya anthu amene timawatcha a Trypillia, a zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Sanasiye cholembedwa chilichonse, sanamange ndi miyala. Ankamanga ndi mitengo n'kuphoma ndi dothi, monga mmene ankamangira agogo athu, ndipo nyumba zawo zambiri zinapsa ndi moto waukulu kwambiri moti akatswiri ambiri amati ankazitentha dala akathana nazo. Midziyi inayamba kuoneka pa zithunzi zojambulidwa m'ndege m'zaka za m'ma 1960, magnetometer n'kutsatira m'zaka za m'ma 1970. Pa Nebelivka, gulu la ku yunivesite ya Durham ku England ndi anzawo a ku Ukraine linayeza mudzi wa mahekitala 238 n'kuwerenga nyumba 1,445. Pamapu nyumba iliyonse imaoneka payokha, yamakona anayi, zitandandalikana m'mizere iwiri yozungulira, timisewu tikuloza pakati, pakatipo pali bwalo lalikulu lopanda nyumba. Pa Maidanetske, mahekitala pafupifupi 200, nyumba zake zikuyandikira 3,000. Kufukula nyumba imodzi bwinobwino kumatengera gulu la anthu milungu ingapo, ndiye werengani nokha kuti pofukula zonsezo pangathe mibadwo ingati. Zibuma zimene mwaona m'chigwembe chanuzo ndi zinthu za mtundu womwewo umene unaonetsa midzi imeneyi.

Ntchito yake pamunda si yapamwamba monga mmene imamvekera. Timayamba ndi zingwe ndi zikhomo zansungwi, osati misomali, kudula munda m'mabokosi a mamita 30 mbali zonse. Wonyamula chida amayenda motsata chingwe, chidacho chikulira pii, pii, ndipo phazi liyenera kufika pa chizindikiro cha mita iliyonse pamene chikulirapo. Mizere ikatalikirana mita imodzi, chida n'kumayeza pa masentimita 25 aliwonse, bokosi limodzi limapereka manambala 3,600. Munthu wamphamvu pamalo osalala amatha hekitala imodzi kapena awiri pa tsiku. Koma asanagwire chidacho amavula chitsulo chilichonse: lamba, wotchi, foni, makiyi, makobidi, buluku la zipi. Tsiku lina ndinapatsa chida mnyamata wina wakhama kwambiri amene ankatithandiza. Ndinamufufuza m'matumba monse, ndinakhutira. Tinagwira ntchito kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo titatsegula kompyuta, munda wonse unali mizeremizere ngati mbidzi, timadontho tikubwera mwa ndondomeko yake ngati ng'oma. Ndinakhala nthawi ndikuganiza kuti chida chawonongeka. Kenako maso anga anagwera pa mapazi ake: anavala nsapato zamatayala, zokhomedwa ndi timisomali. Sitepe iliyonse inalembedwa. Vuto linali langa, sindinayang'ane pansi, ndipo m'mawa mwake tinayambiranso iye atavala zapulasitiki.

Chimene chimatuluka pa kompyuta ndi chithunzi chotuwa chokhala ndi madontho akuda ndi oyera, ndipo apa m'pamene pagona ukatswiri, osati pa kuyenda kuja. Chitsulo cha masiku ano, monga khasu lothyoka kapena chidutswa cha lata, chimaoneka ngati kadontho kakuthwa, kuda ndi kuyera zitagundana. Dzenje lakale limaoneka lofatsa, m'mbali mwake mosalala. Nyumba yopsa imakhala chigamba chokhala ndi maonekedwe ake, chozungulira kapena chamakona. Pali kanthu kena kamene kamasokoneza ophunzira amene anawerenga mabuku a ku Ulaya okha: kumeneko dontho lakuda limakhala ndi mthunzi woyera chakumpoto kwake, pamene kuno kumwera kwa equator mthunziwo umagwera chakumwera.

Ndipo zonamiza zilipo zambiri, kwathu kuno kuposa ku Ulaya. Pamene panali uvuni wa njerwa zaka khumi zapitazo pamakuwa mofanana ndi ng'anjo ya zaka 1,000. Pamene ankawotchera makala, chimodzimodzi. Chulu chimasuntha dothi lapansi n'kulibweretsa pamwamba. Pamene panagwa mphezi pamatsala maginito ooneka ngati nyenyezi. Choopsa kwambiri ndi mwala weniweniwo: miyala yambiri ya m'mapiri athu ili ndi chitsulo chokoka maginito, ndipo ikakhala pafupi ndi pamwamba imaphimba zonse, ngati kuyesa kumva munthu akunong'ona pafupi ndi chigayo. Choncho funso langa loyamba kwa inu likanakhala lakuti, kodi dothi la m'munda mwanu ndi lakuya bwanji musanafike pa mwala? Khoma la chigwembe chija likuyankhani kwaulere.

Tsopano za anthu a mjigo aja. Maso anu anaona bwino: nzeru yake ndi yomweyo. Amakhoma zitsulo zinayi, ziwiri zolowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri zoyeza mmene nthakayo ikuwakanira. Madzi amalola magetsi kudutsa, mwala wouma umawakaniza. Ngalande yokwiririka imasunga chinyezi, choncho imalola. Maziko a miyala amakana. Richard Atkinson anayamba kuyesa zimenezi pa malo amakedzana ku Dorchester-on-Thames ku England mu 1946, magnetometer isanabwere n'komwe. Kusiyana kwake ndi kwakuti a mjigo amatalikitsa zitsulo zawo mamita makumimakumi kuti magetsi atsike mpaka kumene kuli mwala wosweka wosunga madzi, ndipo amayeza malo ochepa. Ife timaziika motalikirana theka la mita, kuti timve mita yoyamba yokha, ndipo timabaya pansi pa sitepe iliyonse: bokosi la mamita 20 mbali zonse ndi kubaya ka 400, mukafuna kuona bwino ka 1,600. Msana umadziwa. Ndiye mukawaitana a mjigo ndi chida chawo mmene amachitcherera, bwinja lanu adzalidutsa ngati mmene munthu wokumba chitsime amadutsira dothi lapamwamba, osaliyang'ana.

Njira imeneyi imadaliranso nyengo. Mu Okutobala nthaka ili gwa, zitsulo sizilowa, magetsi sayenda. Mu Januwale paliponse panyowa, dzenje ndi dothi wamba zikufanana. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yangosiya, dothi wamba layamba kuuma koma maenje akadali ndi chinyezi, ndipo imeneyo ndi nthawi imene chimanga chili chiimire m'munda. Timangodikira kuti mukolole, cha mu Meyi kapena Juni.

Chida chachitatu ndi rada. Ndi kabokosi kokankha ngati wilibala, kamene kamatumiza mafunde a wailesi pansi n'kumvetsera akamabwerera, monga mawu amabwerera mukakuwa pafupi ndi phiri. Ubwino wake ndi wakuti chimanena kuya, ndipo kompyuta imatha kukuonetsani munda pa masentimita 20, kenako 40, kenako 60. Pa Göbekli Tepe ku Turkey, malo a zaka zoposa 11,000, rada ndi magnetometer zinaonetsa kuti mabwalo a miyala amene anali atafukulidwa anali ochepa chabe, ambiri akadali pansi. Pa mchenga wouma rada imafika mamita awiri kapena atatu. Pa makande a kudambo kapena katondo wonyowa, mafunde amamezedwa asanafike ndi theka la mita lomwe. Komanso kabokosiko kamafuna kukhudza pansi nthawi zonse, ndipo mizere yathu ya chimanga imakadumphitsa. Pamunda wolimidwa ndi khasu, rada ndimaiika pomalizira.

Pali nkhani imene ndimauza wophunzira aliyense asanayambe kukhulupirira mapu ake. Mu 2010, yunivesite ya Birmingham ndi bungwe la Ludwig Boltzmann la ku Vienna anayamba kuyeza dera lonse lozungulira Stonehenge, bwalo lamakedzana la miyala ikuluikulu ku England, motsogozedwa ndi Vince Gaffney ndi Wolfgang Neubauer. Zida ankazikoka ndi tinjinga tamoto ta matayala anayi, ndipo anayeza dera la masikweya kilomita pafupifupi 12. Nthaka ya kumeneko ndi choko choyera chosakoka maginito, ndiye dzenje lililonse limaonekera ngati nyemba pa mbale ya ufa. Mu 2014 analengeza kuti apeza malo achipembedzo 17 amene sankadziwika. Mu 2015 anabwera ndi nkhani yaikulu: pansi pa chimulu chozungulira cha Durrington Walls, makilomita atatu kuchokera pa Stonehenge, rada yaona miyala ikuluikulu pafupifupi 90 itandandalikana, ina yotalika mamita anayi ndi theka. Nyuzipepala za dziko lonse zinalemba, zithunzi za miyalayo zinajambulidwa pa kompyuta ngati kuti munthu waiona ndi maso.

Mu Ogasiti 2016 anakumba pamalo awiri, Gaffney yemweyo pamodzi ndi Mike Parker Pearson ndi Nick Snashall. Mwala sunapezeke. Anapeza maenje akuluakulu, akuya pafupifupi mita ndi theka, m'mene munaimikidwa mizati yamitengo zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Mizatiyo inazulidwa kalekale, maenjewo n'kutsinyidwa ndi zibuma za choko, ndipo rada inamva kulimba kwa zibumazo. Taonani bwino: rada sinaname. Inati pali chinthu cholimba, chachikulu chotere, pamalo akuti, ndipo chinalipodi. Dzina lakuti mwala analipereka ndi anthu. Ndimawalemekeza chifukwa anapita okha kukakumba pamene akanatha kuchita manyazi. Gulu lomwelo mu 2020 linaonetsa chinthu chimene khasu lokha silikanachiona: maenje pafupifupi 20, lililonse lotambalala mamita 10 kapena kuposa ndi lakuya pafupifupi mamita asanu, atazungulira Durrington Walls m'bwalo la makilomita awiri kutambalala kwake. Lililonse palokha linkaoneka ngati dzenje lachilengedwe. Kuzungulirako kunaoneka chifukwa choyeza dera lalikulu, ndipo ngakhale apo akatswiri ena anatsutsa, mpaka panafunika kuboola n'kutulutsa dothi la m'kati mwake.

Chinanso chimene mapu sanena ndi zaka. Nkhuti ya agogo anu ndi dzenje la zaka 1,500 zimagona pa pepala limodzi ngati za tsiku limodzi. Midzi ya ku Ukraine ija ndi chitsanzo: nyumba anaziwerenga, koma mpaka pano akatswiri akukangana. Akatswiri a ku yunivesite ya Kiel ku Germany, amene anagwira ntchito pa Maidanetske, amati nyumba zambiri zinkakhalidwa nthawi imodzi ndi anthu zikwizikwi. A ku Durham amati pa Nebelivka anthu okhazikika anali ocheperapo, ena ankangobwera pa nyengo zake. Mapu ndi okongola mbali zonse ziwiri. Zaka zimachokera ku makala ndi mafupa otengedwa pamalo odziwika bwino n'kukayezedwa ku labotale, komanso ku mapale. Kwathu kuno mapale ali ndi mibadwo yake. A Nkope, otchedwa dzina la doko la ku Mangochi kumene Keith Robinson anafukula, ndi a alimi oyambirira osula chitsulo, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kenako pali a Kapeni, ndi a Mawudzu amene amagwirizana ndi nthawi ya Amaravi. Munthu wozolowera akaona mlomo wa phale ndi zokongoletsa zake amatha kukuuzani mbadwo wake makina asanatsike n'komwe m'galimoto.

Dothi lopsa lija nalonso limasunga nthawi, bola lisasunthidwe. Popeza tizidutswa tachitsulo tinauma tikuloza kumene maginito a dziko ankaloza tsiku la motowo, pansi pa nyumba yopsa ndi kampasi imene inaima. Kuchigwa cha Limpopo, John Tarduno ndi Thomas Huffman ndi anzawo anagwiritsa ntchito pansi pa nyumba, nkhokwe ndi makola opsa a midzi yakale pofufuza mmene maginito a dziko asinthira kumwera kwa Africa kuno m'zaka 1,000 zapitazi. Mukangozula chibuma n'kuchitembenuza, kampasiyo mwaiwononga.

Ndisakusiyeni ndi chithunzi chakuti makina amapeza anthu onse akale. Amakondera. Amakonda alimi, osula ndi oumba, anthu a moto waukulu ndi maenje. Alenje ndi otola zipatso amene anakhala m'dziko muno zaka zikwizikwi alimi asanafike, amene makolo amawakumbukira ndi dzina lakuti Akafula, amene anajambula zofiira m'mapanga a Chongoni kwanu komweko, anasiya timipeni ta nsangalabwi tating'ono ngati chikhadabo, timafupa ndi timoto tating'ono. Nsangalabwi sikoka maginito. Malo ngati Mwanganda ku Karonga, kumene Desmond Clark anapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala m'zaka za m'ma 1960, kapena phanga la pa phiri la Hora ku Mzimba, amapezeka ndi maso, mapazi ndi sefa. Pa malo otere makina amathandiza mwa njira ina: amatiuza kuya kwa dothi m'phanga tisanakumbe, kapena kumene kunkadutsa mtsinje wakale umene unakwiririka, kuti tidziwe gombe limene anthu akanakhalapo.

Tsono inu muchite chiyani? Zida zimenezi ndi zodula, ndipo kawirikawiri zimabwera ndi magulu ofufuza a m'mayunivesite, amene sapita pamalo popanda chowakoka. Chowakokacho mungachikonze ndinu. Jambulani khoma la chigwembe ndi foni, mutaika rula pambali, ndipo yezani kuti mapale ndi dothi lopsa zili masentimita angati kuchokera pamwamba. Lembani manambala a GPS a pafoni. Mukalima, mvula yoyamba itatsuka nthaka, tengani ana a m'kalasi mwanu, muwaimike mzere motalikirana mamita asanu, ayende pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. Pamene aona phale abayepo kamtengo, asatole. Pomaliza imani patali muone kumene timitengo tachulukana ndi kumene tathera: amenewo ndi mapu oyamba a bwinja lanu. Onaninso pamene dothi lili lotuwa ngati phulusa, ndi pamene chimanga chimabiriwira kuposa pena chaka ndi chaka.

Mufunsenso akuluakulu, ndipo musafunse mmodzi. Dzina la malo, nkhani ya mudzi umene unasamuka, mtengo umene saudula, zonsezi ndi zida. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anatsata zimene mbiri yapakamwa inkanena za likulu la Kalonga, ndipo pofukula anapeza mikanda yagalasi, mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Amfumu adziwe zonse kuyambira tsiku loyamba. Ngati malowo akhudzana ndi manda kapena dambwe, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti chingwe sichimangidwa, chikhomo sichikhomedwa, mpaka eni ake atalola. Kenako dziwitsani a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala ku Lilongwe. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 silimalola munthu kufukula malo otere popanda chilolezo, ngakhale m'munda mwake. Ndipo mbiri ikamveka pamudzi kuti aphunzitsi apeza zakale, padzabwera ena ndi timakina tolira tosakira zitsulo, akulota golide. Timeneto ndi tina, timangomva chitsulo chapafupi, ndipo eni ake amasiya maenje ngati osaka mbewa. Akanizeni mwaulemu.

Gulu likadzabwera, ine ndikanayamba ndi magnetometer pa hekitala imodzi kapena awiri kuzungulira pamene timitengo tanu tinachulukana, n'kupitirira dala mpaka kumene mapale anathera, chifukwa ng'anjo kawirikawiri zinkamangidwa kunja kwa mudzi. Pa zigamba zooneka ngati nyumba ndikanabwereza ndi zitsulo zamagetsi zija, nthaka ikalola. Kenako maenje atatu oyesera, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali: limodzi pa dontho lokuwa kwambiri, lina pa dontho lofatsa, lachitatu pamene mapu akuti palibe kanthu. Lachitatulo anthu amaliona ngati kutaya nthawi, koma ndi limene limatiuza zimene makina akulephera kumva pa dothi limenelo.

Zonsezi zikhoza kutenga chaka kapena zaka, pamene chigwembe chanu chikudya bwinjalo mvula iliyonse. Mvula isanayambe, dzalani vetiva m'mizere yopingasa kumtunda kwake, ndipo m'kati mwake muikemo timipanda tamitengo ndi miyala kuti madzi azifika atatopa. Miyalayo mukatole kwina, osati pakhoma pamene pakuoneka mapalepo.